Besi pamchenga: mafunso amene satha oimba akakumana ku Senga Bay

Nyengo yotentha ikafika, magulu oimba amatsikira kunyanja. Gombe la Salima lalandirapo maphwando akuluakulu. Sand Music Festival, yomwe malemu Lucius Banda adayambitsa mu 2010, yachitikirapo kangapo pa Sunbird Livingstonia Beach, ndipo Lake of Stars ya 2018 idali pa Kabumba Hotel. Kuseri kwa siteji, pamene oimba otsogolera ali kalikiliki kujambulitsa ndi owakonda, oimba besi amakhala pambali atazungulira gitala ya mnzawo, wina akuiyeza kulemera, wina akusuzumira khosi lake, wina akufunsa kuti, "Achimwene, mudaigula zingati?" Mafunso awo amakhala omwewo chaka ndi chaka. Nawa ena mwa iwo.

Besi yomwe imagwedeza mawindo kutchalitchi, bwanji imapepuka ikafika pamchenga?

Gitala sidasinthe, asintha ndi malo. Waya wokhuthala kwambiri pa besi ya mawaya anayi, wa E, umanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo funde limodzi la mawu amenewo limatalika mamita 8 ndi pang'ono. M'holo kapena m'tchalitchi, makoma, denga ndi simenti zimabweza mafundewo, nkuwaphatikiza ndi omwe akutuluka kumene mu sipika. Woimba amamva mphamvu yomwe gawo lina lake wabwereka kunyumbayo. Pagombe palibe wokubwereka. Kutsogolo kuli madzi, kumwamba kuli thambo, pansi pali mchenga umene subweza mawu mokwanira.

Masamu ake ndi ouma mtima. Pamtetete, ukatalikirana ndi sipika kawiri kuposa pomwe udali, mawu amatsika ndi madesibelo 6. Koma ukawirikiza kawiri mphamvu ya ampu, mwachitsanzo kuchoka pa mawati 100 kufika pa 200, umangopindula madesibelo 3. Choncho amene akuganiza zogulitsa mbuzi kuti agule ampu yaikulu yolimbana ndi nyanja ayambe waganiza kawiri.

Njira yomwe magulu odziwa amatsata ndi yolumikiza besi ku kabokosi kotchedwa DI, komwe kamatumiza mawu ku mikisa, kuti masipika akuluakulu a phwandolo ndiwo asenze katunduyo. Ampu ya pasiteji ntchito yake imangokhala yoti woimbayo ndi wang'oma azidzimva. Cholakwika chomwe chimaoneka kawirikawiri n'choti woimba akalephera kudzimva amapotoza batani la mawu apansi mpaka kumapeto. Sipika imayamba kupuma mwabefu, mawu nkusanduka phala, ndipo iye sadzimvabe. Chomuthandiza n'kukweza pang'ono mawu apakati, chifukwa m'menemo ndi momwe khutu limazindikira kuti noti iyi ndi G, iyi ndi A.

Chodabwitsa n'choti besi yomweyo, imene mwini wake akuidandaula, ndiyo imafika kutali kwambiri. Mpweya umameza msanga mawu okwera kusiyana ndi apansi. Msodzi wa usipa amene ali ndi nyali zake cha ku chilumba cha Namalenje samva mawu a nyimbo ngakhale limodzi, koma kugunda kwa besi kumamupeza.

Nyanja yathu si yamchere. Nanga dzimbiri pamawaya likuchokera kuti?

Mchere umabwera ndi woimba yemwe. Mu Okutobala ndi Novembala, Salima amatentha moti munthu amachita thukuta asadakhudze n'komwe gitala, ndipo thukutalo limalowa m'mizere ya waya nkukhala momwemo. Onjezani chinyezi cha kunyanja ndi mafuta a chambo chomwe mwadya ndi manja musadakwere pasiteji. Kusamba m'manja musadaimbe, ndi kupukuta waya uliwonse pansi ndi pamwamba ndi kansalu kouma mukatha, kumatalikitsa moyo wa mawaya kuposa mankhwala aliwonse ogula.

Mdani wachiwiri ndi mchenga. Mwera ukamaomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, timchenga timalowa m'mabatani ndi pabowo la jeki. Batani likayamba kukhekhereza mukalipotoza, nthawi zambiri ndi fumbi chabe. Musathiremo mafuta a makina osokera kapena a njinga, chifukwa amagwira mchenga wina. Pali mankhwala opopera otsukira zamagetsi, ndipo amisiri a mawailesi amawadziwa.

Wachitatu ndi dzuwa. Khosi la besi ndi thabwa lalitali lomwe mawaya amalikoka usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60. Thabwalo limamva nyengo monga chimachitira chitseko chomwe chimakana kutsekeka nthawi ya dzinja. Gitala yochoka ku Dedza kozizira, nkugona maola atatu pamwamba pa katundu m'minibasi, ikafika ku Senga Bay siingakhale momwe idanyamukira. Mawaya amatalikirana ndi khosi, kapena amayandikira kwambiri mpaka kulira ngati njuchi zili m'kati. M'kati mwa khosi muli chitsulo chowongolera, chomwe chimapotozedwa ndi kiyi ya alleni. Potozani pang'ono pokha, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, kenako dikirani thabwa likhazikike. Chikalimba musakakamize. Chikaduka, mtengo wokonzetsa umaposa wa gitala zambiri zomwe timaimba kuno.

Kodi n'zoona kuti mawaya akale akaphikidwa amabwerera mwakale?

Theka n'zoona. Mawaya a besi sapangidwa m'dziko muno. Amabwera ndi amalonda kapena ndi achibale ochokera ku Johannesburg, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake udakwera pamodzi ndi china chilichonse choitanitsa kunja. Motero mphika wa mawaya si nthabwala. Kuwawiritsa kwa mphindi 10 kapena 15 kumasungunula mafuta ndi litsiro la m'mizere, ndipo mukawaumitsa bwinobwino amalira mowala kwa masiku angapo. Ena amawanyika usiku wonse mu sipiriti, njira yomwe ili ndi ubwino woti sipiriti imauma msanga kuposa madzi.

Chimene mphika sungachotse ndi kutopa kwa chitsulo. Waya womwe wakokedwa miyezi yambiri umakhala ndi timabala pomwe umagunda tizitsulo ta pakhosi. Ukafika pamenepo umachunika bwino uli wosagwira, koma mukakwera kumtunda kwa khosi noti zimaphonya. Kuphika kachitatu n'kungotaya makala.

Komabe funso lenileni n'lakuti, mukufuniranji mawaya owala? Kulira kwa chitsulo komwe ambiri amakusaka kudatchuka m'ma 1960, kampani ya Rotosound ya ku England itapanga mawaya okhakhala mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who mu 1966. James Jamerson, amene adaimba besi m'nyimbo zambirimbiri za Motown, ankagwiritsa ntchito mawaya osalala ndipo sankawasintha pokhapokha ataduka. Woimba rege amafuna mawu onenepa, ofunda, opanda kuthetheka. Kwa iye mawaya a chaka chatha ndi chuma. Amene amavutika ndi mnyamata wa gosipelo yemwe amamenya waya ndi chala chachikulu nkuukoka, chifukwa kaimbidwe kameneko pamawaya akufa kamamveka ngati munthu akugogoda pakhomo la eni.

Mawaya anayi kapena asanu?

Apa mkangano umatentha kuposa phindu lake. Waya wachisanu, wa B, umatsika kufika pa kunjenjemera ka 31 pa sekondi. M'magulu a kutchalitchi, momwe wa kiyibodi amasankha kiyi potengera mawu a mayi wotsogolera nyimbo, waya umenewu umathandizadi. Nyimbo ikakhala mu E flat kapena mu D, muli ndi noti yapansi popanda kumasula waya. Koma masipika ambiri omwe timabwereka pamaukwati satha kutulutsa mawu otsika chotero. Amangogwedezeka, anthu osamva kanthu. Ndiponso waya wowonjezera ndi waya winanso wofunika kuutontholetsa pamene simukuuimba, apo ayi umang'ung'udza pansi pa nyimbo yonse. Wophunzira ayambe ndi anayi. Akadzaona kuti nyimbo zomwe gulu lake limaimba zikumupempha noti yomwe alibe, pamenepo ndiye nthawi yakwana.

Dzina lolembedwa kumutu kwa gitala lili ndi ntchito yanji?

Lili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndi yoona. Leo Fender adatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960, ndipo besi zambiri zomwe mungazione pasiteji lero, zotchipa ndi zodula zomwe, zidatengera maonekedwe a ziwirizi, kuphatikizapo utali wa waya wa mainchesi 34. Koma dzina ndi chinthu chosavuta kumata. M'misika yathu muli magitala ambiri olembedwa Fender amene fakitale ya Fender sidawaonepo. Ine ndingasankhe Yamaha, Ibanez, Cort kapena Squier yeniyeni, yomwe ikuvomera kuti ndi yotchipa, kusiyana ndi gitala yonama dzina, chifukwa wonama dzina sangalephere kunama thabwa.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, maso ayambire pakhosi. Iyang'aneni kuchokera kumutu ngati mukuonera mfuti. Kupindika pang'ono kutsogolo n'kwabwino ndipo kumakonzeka, koma khosi lopotoka chammbali lisiyeni ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo motani. Imbani noti iliyonse pa waya uliwonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Gwedezani jeki muone ngati mawu akudukaduka. Funsani ngati chitsulo cha m'khosi chimazungulira, ndipo muone ndi maso anu. Gitala ya mtengo wapakati yomwe mmisiri waikhazika bwino imaimbika mokoma kuposa yodula yomwe mawaya ake ali m'mwamba.

Palinso nkhani ya batire. Besi zina, potsatira njira yomwe Music Man StingRay ya 1976 idatchukitsa, zili ndi kamakina m'kati kodya batire ya mavoti 9. Batireyo imayamba kugwira ntchito mukangolowetsa jeki, kaya mukuimba kaya ayi. Mukasiya chingwe chili cholowetsa usiku wonse, mudzaona zotsatira zake pakati pa nyimbo. Ndipo batire ya mtundu umenewu si yoti mungaidalire kuti muipeza pa okala ya pafupi ndi gombe nthawi ya 11 koloko usiku. Nyamulani yapadera kuchokera kwanu, kapena muigule pa Kamuzu Road musadatsike kunyanja.

Nanga kung'ung'udza kwa ampu ndi kugwidwa ndi magetsi pamilomo?

Funso ili ndi lokhalo pano lomwe lingaphe munthu. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230. Ampu yomwe m'bale watumiza kuchokera ku America kawirikawiri imakhala ya mavoti 120, ndipo mukailumikiza osawerenga kumbuyo kwake imapsa nthawi yomweyo. Imafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, pokhapokha ngati ili ndi kabatani kosinthira.

Salima ali ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, omwe adayamba ntchito mu 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo phwando la pagombe limadalirabe jenereta. Jenereta yaing'ono ikamanyamula masipika, magetsi owunikira ndi mafiriji a zakumwa nthawi imodzi, mphamvu yake imakwera nkutsika. Besi ndiyo imayamba kumva, poti noti zapansi ndizo zimadya magetsi ambiri. Ngati n'kotheka, zida zoimbira zikhale ndi chingwe chawochawo, mafiriji kwina.

Choopsa kwenikweni ndi phini lachitatu la pulagi, lalitali lija, lomwe limatengera magetsi osochera pansi. Ena amalithyola kapena kulisiya osalumikiza, ati kuti kung'ung'udza kuthe, ena amangolowetsa mawaya awiri m'soketi ndi kamtengo ka machesi. Kumbukirani kuti mawaya a gitala yanu ndi olumikizidwa ku thupi la ampu kudzera m'chingwe. Ampu ikakhala ndi vuto ndipo njira ya pansi palibe, magetsi amafuna njira ina. Munthu wosavala nsapato, woima pamchenga wonyowa, dzanja lili pamawaya, milomo ili pa maikolofoni, ndiye njirayo. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, adafera pasiteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni yopanda njira ya pansi. Mukamva kulumaluma pamilomo, imani, muitane wa zamagetsi. Kung'ung'udza kumathetsedwa ndi kabatani ka pa DI kodula njira ya pansi ya chingwe cha mawu chokha, osati pothyola pulagi. Ndipo valani nsapato, ngakhale mchenga ukukoma bwanji.

Zina ziwiri mwachidule. Masipika awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza pamodzi mwa nthawi zonse amakhala ma ohm 4, ndipo mukawonjezera lachitatu mumatsika pansi pa zomwe ma ampu ambiri amapirira. Poyatsa zida, ampu ikhale yomaliza, pozimitsa ikhale yoyamba.

Kodi babatoni tingamuwerengere m'gulu la besi?

Funsoli likadatembenuzidwa, chifukwa m'midzi yambiri babatoni ndiye adafika poyamba. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka adakhalako ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ali ana, ndipo adabwerako ndi chamba cha kwela: chitoliro, gitala, chisekese ndi babatoni, besi ya waya umodzi. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo m'zaka zotsatira nyimbo zawo zidamveka mpaka ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Magulu a anyamata a mabanjo opanga okha, omwe ankayendayenda m'misika, nawonso ankakhala ndi chida chawo chachikulu chogunda pansi.

Chidachi sichidathe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wotalika pafupifupi mamita atatu, wa chikopa cha ng'ombe, akumenya waya ndi kamtengo kwinaku akutsetsereka ndi botolo, phazi likugunda ng'oma. Yobu Maligwa wa Madalitso Band amaimba wake womwe adapanga yekha, ndipo iye ndi Yosefe Kalekeni adachoka m'misewu ya Lilongwe nkukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako m'maphwando a ku Ulaya. Zimbale zawo, monga Wasalala ya 2019, zidatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva.

Woimba besi yamagetsi ali ndi zambiri zoti atolepo. Babatoni alibe tizitsulo togawa noti, choncho khutu lokha ndilo limauza dzanja poima. Noti zake ndi zochepa, ndipo ntchito yonse ili pa nthawi: kugunda pati, kusiya pati, kutsetsereka liti. Aliyense amene adaonapo anthu akuvina Madalitso Band akudziwa kuti waya umodzi umakwana. Anyamata athu ambiri amathera maola pa YouTube kuphunzira kuthamangitsa zala ngati oimba a gosipelo a ku America, zomwe si zoipa, koma n'zachisoni kuti ena mwa iwo sadakhalepo pansi kumvetsera Kachamba ngakhale kamodzi.

Wofuna kukula pa besi azimvera ndani?

Ayambe ndi zomwe anthu amavina kwawo. Rege ya ku Chileka, yomwe Evison Matafale adaisiya m'manja mwa Black Missionaries atamwalira mu Novembala 2001, yakhala pamapewa a woimba besi Peter Amidu kwa zaka zambiri. Mvetserani zimbale zawo za Kuimba mukutsata besi yokha. Mudzaona kuti saimba zambiri, amabwereza mzere umodzi mosatopa, ndipo mpata womwe amasiya ndi umene umapatsa thupi la wovina poponda. Gwero la kaimbidwe kameneka ndi Aston Barrett wa The Wailers, amene adamwalira mu 2024, ndi Robbie Shakespeare. Rege ya ku Balaka, ya Alleluya Band ndi Zembani Band, ndi yopepukirapo komanso yofulumirirapo, ndipo besi yake imayenda kufupi ndi mawu a nyimbo monga zimakhalira m'kwaya.

Kenako awolokere ku Zimbabwe. Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva m'banja lomwe mizu yake ili kuno kwathu, adakulira mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria asadayambitse Orchestra Mberikwazvo. Iye adachotsa besi kumbuyo nkuiika patsogolo. M'chamba chake cha sungura besi imayankhula, imayankha magitala, nthawi zina imatsala yokha ndi ng'oma kwa mphindi zingapo anthu akuvina, ndipo mwini wakeyo akuimbanso ndi pakamwa, mwa zina m'Chichewa. Amene amati besi ndi chida cha munthu wamanyazi sadamuone Macheso.

Wofuna kumva kukoma kwa besi yopanda tizitsulo amvere Bakithi Kumalo wa ku South Africa pa chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha 1986. Kutsetsereka kwake sikuli kutali ndi kwa babatoni.

Pomvera onsewa, khutu lina likhale pa ng'oma ya phazi. Gulu limalimba kapena kugwa potengera mmene besi ndi ng'omayo zikumvanirana. Wa besi ndi wang'oma akamayeserera okha awiri, popanda kiyibodi yobisa zolakwa, amapindula kuposa kuyeserera kwa gulu lonse katatu.

Bwanji besi yomwe tidajambula mu situdiyo simveka pafoni?

Kasipika ka foni n'kakang'ono kwambiri moti sikangatulutse mawu apansi enieni. Chomwe khutu limamva pafoni ndi timawu tapamwamba tomwe timatsagana ndi noti iliyonse, ndipo ubongo umadzazira wokha zotsalazo. Besi yojambulidwa ndi mawu apansi okhaokha imagunda m'galimoto koma pafoni imasowa. Popeza Amalawi ambiri nyimbo yatsopano amayamba kuimva pa WhatsApp, pemphani wojambula asiye mawu apakati, ndipo muimvere pafoni yotchipa musadavomere kuti yatha.

Paphwando lalikulu ampu imakhala imodzi ya magulu onse. Mwambo wake ndi wotani?

Sudalembedwe paliponse, koma ulipo. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay ndi makilomita oposa 100, ndipo ochepa ndi amene anganyamule bokosi lawo la masipika, choncho aliyense amagwiritsa ntchito zomwe okonza phwando aika. Bwerani ndi chingwe chanu, china chapadera, ndi kochunira kanu. Chunani mwakachetechete, anthu asamve. Musadazule jeki tsitsani voliyumu, chifukwa kuphulika kuja kumapweteka masipika ndi makutu omwe. Mukasintha mabatani a ampu, abwezereni pakati mukamatsika. Botolo la chakumwa lisakhale pamwamba pa ampu, poti kunjenjemera kwa besi kumaliyendetsa pang'onopang'ono mpaka litagwera m'kati.

Ndipo injiniya wa pa mikisa mulankhuleni mwaulemu, mudakali masana poyesa zida. "Akulu, ndikupempha ng'oma ya phazi pang'ono mu sipika yangayi" imagwira ntchito kuposa kumukodola mwaukali nyimbo ili m'kati. Iye ali kutsogolo, komwe kuli anthu, ndipo akumva zomwe inu pasiteji simungamve. Akakuuzani kuti mutsitse ampu yanu, nthawi zambiri n'chifukwa choti ikulowa m'maikolofoni a oimba ndi a ng'oma, nkumulepheretsa kukweza besi yanu yomweyo m'masipika akuluakulu.